Ulusi Wofiira Ukatha

Olemekezeka akuluakulu a boma oyang'anira za mafakitale, amene mwasiya maofesi anu ozizira bwino kudzakhala nafe m'tenti yotentha ino;

Olemekezeka a bungwe loyeza ubwino wa zakudya, amene mwakhala phee ngati simukuona kanthu, chonsecho maso anu ali paliponse;

Olemekezeka wapampando ndi mamembala onse a bodi ya fakitale ino;

Olemekezeka mkulu wa fakitale ino, amene kwa inu nonse ndi bwana, koma kwa ine ndi alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga;

Olemekezeka apongozi anga, mayi amene munabereka amuna awiriwa, ndipo mwakhala kutsogolo kuno ndodo ili pamiyendo;

Alimi a chinangwa, amene popanda makasu anu makina onsewa akanangokhala zitsulo; ogwira ntchito pano, amene mwavala maovolosi atsopano osapindika bwino; anzanga a m'bungwe la ophika buledi ndi makeke; atolankhani; amayi ndi abambo.

Ndikupereka moni kwa inu nonse. Ndikuthokoza kuti mwapirira dzuwa, mwapirira zolankhula za amene anditsogolera, ndipo tsopano mupirira ine.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine wophika makeke. Ndinayamba ntchitoyi ndili mtsikana, ndipo lero ndine wapampando wa bungwe la ophika, osati chifukwa cha sukulu, koma chifukwa imvi zandimerera ndili pafupi ndi uvuni. Anzangawa anandipatsa dzina loti Mayi Ndilawe, popeza m'khitchini mwanga simulowa kanthu, kaya ufa, kaya shuga, kaya mchere, kasanadutse palilime langa. Musaseke, inu akumbuyoko. Ena a inu mumandinena kuti ndimakayikira ngakhale madzi a pampopi. Simunama, ndimawakayikiradi.

Choncho alamu anga atabwera kwathu kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira fakitale ino, sindinafulumire kusangalala. Ndinayamba ndadzifunsa kuti kodi kwagwanji. Alipo anthu a mayina, alipo anthu a magalimoto aataliatali, nanga ine wa epuloni andifuniranji? Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, nati, "Alamu, palibe wina woyenera kudula riboni imeneyi koma inu." Ine ndinati, "Alamu, munayamba liti kundikonda chonchi?" Iwo anangoseka, kuseka kwa mano okha. Koma yankho ndinali nalo kale mumtima. Ophika onse mukuwaona apawa sagula ufa umene ine sindinaulawe. Ndikadula riboni lero, mawa m'mawa akhala ali pa geti ilo kudzatenga matumba, akudalira dzina langa, ndipo zimene akaphike zikalowa m'kamwa mwa ana asukulu, mwa odwala ndi mwa alendo a paukwati. Sizasi mwandiikira pathebuloyi si yodulira kansalu kokha ayi. Mukufuna dzina langa lituluke limodzi ndi thumba lililonse lochoka pano.

Komabe ndisanyoze chabwino. Zimene ndaona m'mawa uno, pamene amatizungulitsa m'fakitale, ndazigomera. Ndaona chinangwa chikulowa ndi dothi lake, chikutsukidwa, chikusendedwa, chikugayidwa, chikusefedwa ndi madzi, mpaka kumapeto kukutuluka ufa wa sitachi woyera mbee, umene ukaufikisa pakati pa zala umalira. Ndinkaona ngati sitachi ndimaidziwa, poti ndakhala nayo zaka zonsezi, koma mayi wa ku labotale, uyo wavala chovala choyerayo, wandiphunzitsa lero kuti pano pakutuluka mitundu itatu, ndipo ndiloleni ndiibwereze kuti aone ngati wophunzira wake anamva.

Woyamba ndi sitachi yachibadwa, yosasakaniza ndi china chilichonse. Imeneyi ndiye mnzanga wakale. Imalimbitsa kasitadi ndi msuzi popanda kuwadetsa, imagwirizitsa nyama ya soseji kuti isamwazike pokazinga, imachititsa bisiketi kukhukhutika bwino. Koma ndi yosachedwa kukhumudwa. Ukaiwiritsa nthawi yaitali imafooka, ukaiika m'zowawasa imataya mphamvu, ndipo kasitadi yake ikagona m'firiji, m'mawa umaipeza itatulutsa madzi pamwamba.

Wachiwiri ndi sitachi yosinthidwa ya chakudya, imene akatswiri aiphunzitsa kupirira. Imeneyi siopa moto, siopa kuzizira, siopa zowawasa. Ndiye amaifuna opanga yogati, aisikirimu ndi sosi wa tomato wa m'mabotolo, zinthu zimene zimayenda ulendo wautali zisanafike pathebulo.

Wachitatu ndi sitachi yosinthidwa ya kumafakitale, imene si ya m'mimba mwa munthu. Opanga mapepala amaifuna kuti inki isalowerere, owomba nsalu amapaka ulusi wawo kuti usaduke pamakina, ndipo opanga makatoni amamatira makatoni awo. Ya makatoniyi pano mukuisakaniziratu ndi mankhwala olimbitsa guluu, kuti wogula akangothira madzi ayambepo ntchito. Ndi nzeru zabwino, ndipo zidzalemba anthu ntchito. Ndakhoza, mayi? Akugwedeza mutu, ndiye kuti ndakhoza.

Tsono ndinamufunsa mayiyu funso la munthu wosaphunzira. Ndinati, "Mwanawe, nditatapa wina dzanja ili, wina dzanja ili, ndingasiyanitse?" Anayang'ana abwana ake kaye asanayankhe, ndipo kuyang'ana kumeneko ndinakuona. Kenaka anati, "Ndi maso okha, amayi, n'kovuta." Ndi zoona. Ufa wonsewu ndi woyera, wonse ndi wosalala, wonse umalira pakati pa zala.

Olemekezeka, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, kuti mudziwe chifukwa chake nkhalamba ino imalawa mchere.

Ine ndi malemu amuna anga tinali ndi kashopu ka makeke pakona ya msewu, ka zipinda ziwiri: kutsogolo kauntala ya galasi losweka pakona, kumbuyo uvuni ndi thebulo lokandirapo. Iwo anali a manja, ine ndinali wa lilime. Chaka china tinapeza ntchito yaikulu kuposa zonse, yophikira ukwati wa mwana wa dokotala, makeke ndi timapayi ta kasitadi todzaza matebulo. Sabata yomweyo ine ndinadwala matenda a amayi, n'kupita kuchipatala kukabereka mwana wanga wotsiriza. Ndi uyo waima pafupi ndi khomo la khitchiniyo, lero naye ali ndi ana ake. Amuna anga anatsala okha, chimfine chitawatseka mphuno, sitachi itawathera.

Nthawi imeneyo alamu angawa anali wonyamula katundu pa kampani ina yolongedza sitachi, imene inatha kalekale. Anabwera ndi thumba panjinga, nati kwa mkulu wawo, "Achimwene, musavutike, nali thumba, ndakupezerani kuntchito." Thumba loyera, losalembedwa kanthu. Amuna anga anathokoza, anaphika, anathira vanila, anakapereka. Paja amati safunsa anadya phula. Ife sitinadye tokha, tinadyetsa ukwati wonse.

Mwa chisomo cha Mulungu sanafe munthu. Koma anthu anasanza m'maluwa, anasanza m'magalimoto, mkwatibwi anagona kuchipatala komwe ine ndinali, chipinda choyandikana ndi changa, ndipo ndinkamumva akubuula ine ndikuyamwitsa, osadziwa kuti ndi kasitadi yathu. Atayeza anapeza kuti unali ufa wa guluu wa makatoni. Kuyambira pamenepo shopu yathu anthu ankaitchula kuti kwa Guluu. Ana ankadutsa akukuwa kuti, "Bambo Guluu, timatireni nsapato!" Ena mukuseka, ndipo sindikukuletsani, nanenso ndikanaseka akanakhala mwamuna wa wina. Koma ine ndinaona munthu wa manja abwino atakhala kuseri kwa kauntala tsiku lonse, makeke akuuma m'galasi, osalowa ngakhale wofunsa njira. Shopu inatsekedwa. Iwo sanagwirenso mtanda mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Ine ndinayambiranso ndekha, pakhonde, ndi mbaula ndi mapoto awiri, ndikulawa chilichonse pamaso pa wogula kuti aone kuti sindikumupha. Dzina limene alamu akulifuna leroli ndinalimanga choncho, supuni ndi supuni.

Amuna anga sanamuimbe mlandu mng'ono wawo ngakhale tsiku limodzi. Ankati, "Mwana wa mayi anga sangandipatse chinthu choipa akudziwa." Ine ndinkangoti, "Kaya." Funso linakhala m'mtima mwanga ngati kamwala m'nsapato: kodi alamu ankadziwa? Kodi anazindikira ukwati usanayambe, n'kusankha kukhala chete kuopa kuchotsedwa ntchito? Sindinawafunsepo, iwonso sananenepo. Apongozi anga ndi mboni: pa maliro, pa maukwati, pa misonkhano ya banja, ine ndi alamu timapatsana moni bwinobwino, koma chinthu chochokera m'manja mwawo, ngakhale nthochi yosasenda, sindinadyepo kuyambira tsiku limenelo. Amayi, musagwetse nkhope, mukudziwa kuti sindikunama.

Tsopano tibwerere kuno. M'mawa uno titafika kumene amasokera matumba, ndinaona kuti matumba onse ndi oyera, osalembedwa kanthu. Ndinaima pomwepo. Ndinafunsa, ndipo alamu anandiyankha mwaulemu kuti matumba olembedwa mayina sanafike, ali m'njira, koma palibe chodetsa nkhawa chifukwa pali dongosolo: thumba la chakudya amalisoka ndi ulusi woyera, la guluu amalisoka ndi ulusi wofiira. Anati ndi njira yakale yodalirika, imene anaiphunzira ali mnyamata. Ndinadziwa kumene anaiphunzira.

Makina osokera alipo awiri, ena a mbali ya chakudya, ena a mbali ya guluu. Alendo anzanga ankayang'ana kudenga, kusirira mapaipi onyezimira. Ine, poti ndine wamfupi, ndinkayang'ana pansi. Ndinaona kuti pa makina onse awiri pali ulusi woyera. Ndinaonanso chigubu chokulungapo ulusi chili pansi, chopanda kanthu, kangotsala kaulusi kofiira kumapeto. Ndipo ndinaona nsapato yakuda yopolisha bwino ikuchikankhira kunsi kwa thebulo, pang'onopang'ono, mwini nsapatoyo akupitiriza kufotokozera olemekezeka za mphamvu ya makina. Alamu, nsapato yanu ndi yokongola. Ndinachita ngati ndagwetsa mpango, ndipo chigubucho ndi ichi, ndachitulutsa m'chikwama changa kuti nonse muchione.

Atolankhani, khalani pansi, muona bwino muli pomwepo. A bodi, musanong'onezane, sindinamalize. Munaitana mlendo, ndipo paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina ulusi wofiira watha m'mawa womwe uno, thumba la guluu lisanasokedwe ndi limodzi lomwe. Mwina ndine nkhalamba yokayikira madzi a pampopi, monga mumanenera. Sindikufuna kuipitsa ntchito ya munthu chifukwa cha chilonda changa chakale, komanso sindikufuna kutumiza ophika anga kumene anapita amuna anga. Ndiye tichita monga ndimachitira kwathu. Mwana wanga, bwera nayo mbale ija. Ika apa, pafupi ndi sizasi.

Tili mosungira katundu muja, ndinapempha wosunga katundu kuti andiboolere thumba limodzi. Sindinafune la kutsogolo lija munandikonzera, lopukutidwa fumbi. Ndinaloza la pakona, pafupi ndi khomo lochokera ku makina achiwiri, pamene matumba a mbali zonse aunjikidwa mulu umodzi. Ulusi wake ndi woyera, ndiye kuti mwa dongosolo la alamu ndi la chakudya. Ndinatapako, ndipo alamu anandiona ndikutapa. Kenaka ndinatuma mwana wangayu ku khitchini ya ogwira ntchito kuti akaphike kasitadi, athire vanila wokwanira monga ankathirira bambo ake. Ndi iyi, ikadali yofunda.

Supuni yoyamba ndi yanga, monga mwa dzina langa. Yachiwiri ndi ya apongozi anga, amene amakonda zotsekemera ngakhale adokotala anawaletsa. Tikameza, ndidula riboni, ndipo ophika anga mawa mubwere ndi magalimoto anu. Alamu, ndikuyang'ana inu. Palibe choti munene? Mwapukuta thukuta, koma kukutenthadi, sindikudabwa. Chabwino. Amayi, konzekani, ndikubwera kwa inu ndikangotha ine.

Mwati bwanji, alamu? Pepani, musandigwire dzanja choncho, supuni ingagwere pa suti yanu. Wotsogolera mwambo, apatseni chimkuzamawu, anthu akumbuyo sanamve. Nenani, alamu, musachite chibwibwi.

Mwamva nonse. Kwa amene mphepo yakuberani mawu, ndibwereze. Akuti ndisadye, ndipo ndisawapatse amayi awo. Akuti ulusi wofiira unatha dzana; wosoka, poona kuti mwambo wayandikira ndipo abwana akufuna nyumba yosungira katundu ioneke yodzaza, anangopitiriza ndi woyera. Akuti iwo eni azindikira m'mawa uno, ndipo pa mulu uja sakudziwa kuti la chakudya ndi liti, la guluu ndi liti. Akuti amafuna adzakonze alendo akapita.

Tonthozani phokoso pang'ono. Wapampando wa bodi, musawayang'ane ndi diso limenelo. Inu wosoka matumba, kulikonse mwabisala, tulukani, palibe akudyeni. Munasoka ndi ulusi umene munapatsidwa. Apongozi, pukutani misozi, mwana wanu sanagwe.

Alamu, khalani pansi. Ufa ndinatapa uja ndi uwu, uli m'kapepala m'chikwama changa, sunafike ku khitchini. Kasitadi iyi yaphikidwa ndi sitachi yochokera m'kabati mwanga, imene ndinailawa ndekha sabata yatha. Mumaganiza kuti ndingawapatse apongozi anga chinthu chimene sindikuchidziwa? Sindinabwere kudzalawa ufa wanu, poti ufa a ku labotale angauyeze kuposa lilime langa. Ndinabwera kudzaona ngati munthu woyendetsa fakitale ino angatsegule pakamwa pamene kutsegulako kukumuchotsera ulemu. Pano pali boma, pali oyeza zakudya, pali bodi imene ingakuchotseni ntchito madzulo ano, pali makamera. Mukanatha kukhala chete, n'kumapemphera mumtima kuti thumbalo likhale labwino. Munadikira mpaka supuni inafika pamlomo, ndipo kuchedwa kumeneko ndakuona, sindikubisirani. Koma mwalankhula.

Za thumba lakale lija, ndinabwera ndi funso langa lili kunsonga kwa lilime, ndipo ndinali wokonzeka kulifunsa pamaso pa anthu onsewa. Sindilifunsanso. Kaya munkadziwa, kaya simunkadziwa, zimenezo mukakambirane ndi achimwene anu mukadzakumana. Amene ndamuona lero ndi munthu woti wandigwira dzanja. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Musaganize kuti kukayikira kwanga kwatha, olemekezeka, kwangopeza pokhala. Ndikupempha a bungwe loyeza zakudya kuti musachoke pano musanatseke mulu uja, ndipo thumba lililonse liyezedwe palokha lisanasunthe. Ndikupempha a bodi kuti mosungira katundu muja mumange khoma lofika kudenga, chakudya mbali yake ndi khomo lake, guluu mbali yake ndi khomo lake. Thumba lisatuluke pano lopanda dzina lolembedwa ndi zilembo zoti ngakhale ine ndiwerenge popanda magalasi, pakuti ulusi umatha, ndipo ukatha munthu amasoka ndi umene ulipo. Ndikupemphanso a bodi kuti munthu uyu musamuchotse. Bwana wosalakwitsa simudzamupeza. Amene mwamupeza ndi woti amakuwa supuni isanalowe m'kamwa, ndipo oterowo ndi osowa.

Anzanga ophika, mawa musabwere. Mudzabwera ndikadzakuuzani, ndipo ndidzakuuzani ndikadzaona khoma ndi maso anga. Alamu, ndizibwera kuno osakudziwitsani, ndi supuni yanga m'chikwama, ndipo ndizidzayang'ana pansi pa matebulo. Nachi chigubu chanu, mukachiike pa desiki yanu pamene muzichiona tsiku ndi tsiku.

Alimi, limani chinangwa, msika wanu ulipo. Ogwira ntchito, gwirani ntchito, ndipo chinthu chikatha nenani kuti chatha, ngakhale kunja kukhale kukubwera alendo a mtundu wanji.

Tsopano, ndisanagwire sizasi, kasitadi ikuzizira. Bwerani kuno, alamu. Imirirani. Tengani supuni iyi, mutape nokha. Ayi, musadye inu. Mundipatse ine, ndi dzanja lanu. Apongozi, tayang'anani kuno, mwakhala mukudikira zimenezi nthawi yaitali.

Yakoma. Shuga wachepa pang'ono, mwana wanga, koma yakoma.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndi maso anga onse awiri ali otsegula, ndikulengeza kuti fakitale ya sitachi ya chinangwa ino yatsegulidwa. Chitseko cha mosungira katundu chokha ndicho chikhale chotseka mpaka khoma litaima.

Zikomo kwambiri.